Kabokosi Kamene Anachotsa

Foni inalira Dinani asanatuluke n'komwe pa geti la depoti. Anali atangokweza mkazi wake basi, ndipo ankayenda akumwetulira yekha, manja m'thumba, mtima uli mbee. Ataona kuti akuimba ndi a Changu, mayi woyeza magazi pa kachipatala ka alamu ake a Dinaniyo, anangoti ndi pulinta ija yayambanso kutafuna mapepala. Anthu a pachipatala paja ankamuitana ngakhale babu likapsa, poganiza kuti chilichonse chokhala ndi waya ndi mbale wake wa kompyuta.

"Muli kuti?" anafunsa mayiwo, moni n'komwe ayi.

"Ku depoti. Mwadzuka bwanji kaye, a Changu?"

"Bwerani msanga. Pulogalamu yanu yatenga magazi a munthu wina n'kupatsa wina."

"Mwati bwanji?"

"Mwamva. Bwerani, ndatseka kaye kawindo."

Anadula foni. Dinani anaima chilili pakati pa njira mpaka bambo wina wokankha wilibala anamukalipira kuti msewu si wa bambo ake.

Dzina loti Dinani silinali lochokera kwa makolo. Anamupatsa ndi anthu a pachipatala pomwepo, chifukwa pulogalamu imene anawapangira inkalankhula ngati mphunzitsi wa ana aang'ono: dinani apa, dinani kuti musunge, dinani kuti musindikize. Ntchito yake inali yosavuta kuifotokoza. Makina oyezera magazi akamaliza kuyeza, amalemba zotsatira mu fayilo n'kuiponya mu foda ya pa kompyuta. Pulogalamu ya Dinani inkaonetsa mayina a odwala kumanzere kwa sikirini. Ukadina dzina, inkatsegula fayilo ya munthuyo n'kuika manambala ake pakati, a Changu n'kusindikiza pepala, adokotala n'kudindapo chidindo, basi. Mwiniwakeyo ankanyadira kuti chipangireni pulogalamuyo sinagwepo, ndipo ankauza zimenezi ngakhale anthu amene sanamufunse.

M'minibasi anadzilimbitsa mtima. A Changu adina dzina lolakwika, palibenso china. Dzina lawolo silinabwere pachabe, mayi aja amachita chilichonse ngati akuanula zovala mvula itayamba, ndipo iye anali atawauzapo kambirimbiri kuti kuthamanga sikufika. Koma panali ganizo lina limene linkagogoda kumbuyo kwa mutu wake, ndipo iye ankakana kulitsegulira.

Mkazi wake anali woyembekezera, pakati patakula ndithu, mwana wawo woyamba. Mayi ake a mkaziyo ankamuitana kuti akamuone asanachire, ndipo kwawoko n'kutali, kumene msewu wa phula umathera panjira, chipatala chachikulu n'kutsala kumbuyo. Masiku amenewo mkaziyo ankatopa msanga. Akapalasa pang'ono makina ake osokera, ankasiya n'kutsamira khoma, akupuma mwawefuwefu. Adokotala, amene anakwatira achemwali ake a Dinani, ananena mawu amodzi: ayezedwe magazi, akakhala okwanira apite, akakhala ochepa sachoka. Pepala linatuluka likuti 12, adokotala anadinda, ulendo unaloledwa. Dinani mpaka anamuseka mkazi wake kuti ndi ulesi chabe, mwanayo wayamba kale kumuphunzitsa kugona masana.

Pepalalo mkaziyo analipinda bwinobwino n'kuliika m'chikwama, pamodzi ndi timalaya ta mwana timene anasoka yekha. Sikuti ankaopa kufunsidwa panjira ayi. Pansi penipeni pa pepala lililonse panali kamzere kakang'ono kakuti "Pulogalamu ya Dinani", ndipo iye ankafuna kukaonetsa mayi ake, amene mpaka pano ankauza anthu kuti mkamwini wawo sagwira ntchito, amangosewera ndi kompyuta.

"Lero akaona okha," anatero pokwera basi ija, akupumira pa sitepe iliyonse. "Ntchito ya amuna anga ili ndi chidindo."

Pachipatala Dinani anapeza mabenchi odzaza, anthu onse maso ali pa kawindo kotseka ka labu. Analowera khomo la kumbuyo. Labuyo inali kachipinda kopapatiza konunkha spiriti, firiji ikung'ung'udza pakona, makina oyezera magazi ali patebulo, kompyuta yakale ili pansi pake itavala fumbi. A Changu anali akumudikira. Anangoyala mapepala atatu patebulo n'kupinda manja.

Loyamba linali la bambo wina wowotcherera zitsulo, chimunthu chadzitho chimene chinabwera chifukwa cha chifuwa. Lachiwiri linali la mayi wogulitsa makala amene anabwera pambuyo pake. Mayina osiyana, koma manambala onse ofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngakhale tinambala ta kutsogolo kwa kadontho.

"Mayiwa atatambasula dzanja kuti alandire pepala, ndinaona chikhatho chawo chili mbuu," anatero a Changu. "Munthu wamakala, koma m'manja muli moyera choncho? Ndinadinanso dzina lawo, n'kutuluka ili."

Lachitatu linali ndi dzina la mayi wamakala yemweyo, koma magazi ake anali otsika kwambiri. Munthu mmodzi, magazi amodzi, mapepala awiri otsutsana, onse ali ndi kamzere kake kaja pansi.

Anakhala pampando n'kugwira mausi. Anadina dzina la bambo wazitsulo, manambala ake anabwera. Anadina la mayi wamakala, ake anabwera. Anabwerera, anapitanso, anatseka pulogalamu n'kuitsegulanso, anazimitsa kompyuta yonse n'kuiyatsanso. Anagwada pansi pa tebulo n'kugwedeza waya wochokera ku makina, waya anali wolimba. Analowa mu foda n'kutsegula mafayilo awiriwo yekha, osadzera mu pulogalamu, akupemphera chamumtima kuti apeze kuti makina ndi amene analemba zolakwika. Ayi ndithu, makina analemba zoona, aliyense manambala ake. Pulogalamu nayonso inkayenda bwino, mwaulemu, ngati mwana wopulupudza pamaso pa alendo. Mtima unayamba kubwerera m'malo, ndipo pakamwa panafulumira.

"Mwina munadina dzina lapamwamba mosazindikira."

"Ndikanadina lapamwamba, pepala likanatuluka ndi dzina lapamwamba," anayankha a Changu. "Dzinali ndi la mayiwa. Werengani, si paja munapita kusukulu."

Zinali zoona, ndipo mantha aja anabwerera atakula. Vuto looneka limakhala ndi pogwira. Limene limaopsa aliyense wopanga mapulogalamu ndi lija lobisala mwiniwake akafika, chifukwa sudziwa kuti lachita kangati iwe kulibe.

Adokotala analowa n'kutseka chitseko ndi msana. Anali munthu wamtali wa gauni loyera losita bwino, wokonda kuti zinthu zizioneka zadongosolo ngakhale pamene sizili choncho.

"Alamu, tsitsani mawu, panjapa pali anthu," ananong'ona, ngakhale panalibe amene ankakuwa. "Mwalipeza?"

"Silikuoneka. Ndikufuna magazi atsopano, tiyeze ine ndikuona."

"Magazi a ndani?"

Dinani anapinda mkono wa shati. A Changu anamubaya mosanyengerera, n'kubayanso adokotala, amene anayang'ana kudenga ngati si iwo amene amabaya ana a eni tsiku lililonse. Anayamba ndi magazi a Dinani. Makina anang'ung'udza, kenaka analira kulira kwawo kwakutali kuja, piiii, dzina n'kutulukira kumanzere kwa sikirini. Dinani anadikira kuti kulirako kuthe, anakanda ndevu, anadina. Manambala anabwera, magazi ali pa 14.

"Tsopano chitani inuyo, mmene mumachitira masiku onse," anauza a Changu. "Muiwale kuti ndilipo."

Mayiwo anaika kabotolo ka adokotala m'makina. Dinani sanayang'ane sikirini, anayang'ana dzanja lawo. Dzanjalo linali kale pa mausi makina asanamalize, chala chili tcheru. Kulira kutangoyamba, chala chinagwa. Dzina la adokotala linakwera pamwamba pa sikirini. Pansi pake manambala a Dinani anangokhala pomwe anali, osagwedezeka.

Dinani anatambasula dzanja n'kudinanso dzina lomwelo, manambala n'kusintha.

"Ndiye kuti ndine?" anafunsa a Changu, mawu atachepa.

"Si inu."

Anatsegula laputopu yake pamwamba pa firiji, pakuti patebulo panalibe malo. Sanafufuze nthawi yaitali. Zala zake zinkadziwa kumene zikupita, ndipo n'chimene chinamuopsa kwambiri. Ukadina dzina, pulogalamu inkayamba yalemba dzinalo pamwamba, kenaka n'kuyesa kutsegula fayilo. Koma makina aja amalira asanamalize kulemba, ndipo pa kamphindi kameneko fayilo imakhala ikadali m'manja mwawo, yokhoma, wina sangaitsegule. Kompyuta ikakhala yopepukidwa kamphindiko sikaoneka n'komwe. Tsiku la anthu ambiri, kompyuta yakaleyo itatopa, kamatalikirako pang'ono, ndipo chala cha a Changu chinkakwana pomwepo. Dinani ankazidziwa zimenezi kuyambira kale, n'chifukwa chake analembapo malangizo akuti fayilo ikakana kutseguka, pulogalamu ichite zakutizakuti. Anawapeza malowo. Mawu akuti fayilo ikakana analipo, koma pansi pake panali tizizindikiro tiwiri toyang'anizana, pakati pake popanda kanthu.

Kale pamenepo panali kabokosi. Fayilo ikakana, pakati pa sikirini pankatuluka kabokosi kofiira, kolira ngati belu la njinga, kakuti: "Fayilo sinatseguke. Dikirani pang'ono, kenaka dinani kachiwiri." Aliyense ankadana nako. A Changu ankati kakuwachedwetsa. Odwala ankakasuzumira pa kawindo n'kumanong'onezana kuti makina a pano ndi akufa. Tsiku lina adokotala anamuimitsa pakhonde.

"Alamu, kabokosi kanu kofiira kaja kakutithamangitsira anthu. Simungakachotse?"

Ndipo Dinani, amene ankadya kwa achemwali ake Lamlungu lililonse ndipo sankadziwa kuti alamu amakanidwa bwanji, anakachotsa ali chiimire, kapu ya tiyi ili kudzanja linalo. Anafufuta mizere yonse ya pamenepo nthawi imodzi. Sanakumbukire kuti umodzi mwa mizereyo ndi umene unkapukuta manambala a munthu wapitayo. Kuyambira tsiku limenelo pulogalamu ikalephera inkangokhala chete, nkhope ili bwinobwino, n'kupereka zotsalira pa sikirini kwa aliyense wotsatira. Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi. Anthu atatuwa anamuthamangitsa mnansiyo chifukwa chotsina, n'kuyamikirana kuti pachipatala pakhala bata.

Anawafotokozera mwachidule, maso ali pansi. Adokotala anakhala pa katoni ya magolovesi n'kuiphwanya osazindikira.

"Zachitika kangati?" anafunsa.

"Sindikudziwa."

"Tiyenera kuona onse. Aliyense amene anayezedwa tsiku la anthu ambiri, tifananitse pepala limene tinamupatsa ndi fayilo yake."

"Eya," anatero Dinani, koma sankamva. Ganizo lija linali litasiya kugogoda, litalowa, litakhala pansi. Anatembenukira kwa a Changu. "Akazi anga munawayeza tsiku lanji?"

Mayiwo anagwira pakamwa.

"Dzana. Kunali anthu mpaka panja. Ndinati munthu wapakati, wachibalenso, asakhale pamzere. Ndinawalowetsa pakati pa anthu ena, ndinati ndiwachitire msanga azikapuma..."

Sanamalize. Dinani anali atatsitsa kale mayina kufika pa a dzana, amene anawadumpha mwadala nthawi yonse imene ankadinadina ija. Dzina la mkazi wake linali pamenepo, pansi pa la dalaivala wina wa lole. Anadina la dalaivalayo, magazi ali pa 12. Anasuntha mausi pang'ono, koma chala chinakana kugwa. Anachita kuchikankha ndi dzanja linalo.

Sikirini inati 5.

Adokotala anadzambatuka pa katoni paja. "Ali kuti?"

"M'basi."

"Ayi, alamu, ayi. Munthu wa magazi amenewa sayenda ulendo. Mtima wake ukupopera anthu awiri ndi magazi osakwana munthu mmodzi. Matenda akamuyambira kumene akupitako, palibe amene angamuthandize. Imbani! Atsike paliponse pamene pali chipatala."

M'labu munalibe netiweki, makoma ake anali okhuthala. Malo okhawo amene foni inkagwira bwino pachipatala ponse anali pa khomo lalikulu, kutsogolo kwa mabenchi a odwala. Dinani anathamangira pamenepo, kathonje kakadali komata pamkono. Anaimba, foni inaitana mpaka kuduka yokha. Anaimbanso, mawu aulemu a m'foni aja anamuuza kuti nambalayo siikupezeka. Anaimbira apongozi ake, amene anati mwana wawo sanafike, n'kufunsa ngati lero kompyuta yamupatsa tchuthi. Anawadula pakamwa, chinthu chimene sanachitepo chikwatirireni, n'kuimbiranso mkazi wake. Anthu pa mabenchi anasiya nkhani zawo n'kumamuyang'ana. Iye sankawaona. Ankangoona mkazi wake pa masitepe a basi, akupumira pa iliyonse, iyeyo ali pansi akumuseka kuti ndi waulesi. Anatsamira chitseko n'kupemphera pemphero lopanda mutu, longoti chonde, chonde, chonde.

Foni inayankhidwa, koma mawu sanali a mkazi wake.

"Halo? Ndinu amuna awo?"

"Ndinu ndani? Ali kuti?"

"Ndine mnzawo wapampando, takhalira limodzi m'basimu. Musadandaule bambo, zatha. Anakomoka pang'ono, ndiye adalaivala anaima pa kachipatala ka m'mbali mwa msewu. Atsitsimuka, amwa madzi. Anesi aona pepala lawo la magazi lija, akuti ali bwino, ndi kutentha chabe. Tikukweranso, basi ikutidikira."

Kumbuyo kwa mawuwo kunamveka hutala yaitali, yosaleza mtima.

"Asakwere! Mayi, chonde, apatseni foniyo anesiwo."

Kunamveka mapazi, chitseko, mwana akulira. Adokotala anali atafika pambali pake, ndipo anamugwira chigongono.

"Nenani kuti tikungofuna ayezedwenso," ananong'ona. "Za pulogalamu musatchule pano. Tulukani panja."

Koma Dinani sakanasuntha phazi. Akanangochoka pamenepo foni ikanaduka, ndipo ndani akudziwa ngati ikanagwiranso.

"Ndine nesi," anatero mawu otopa. "Nenani msanga, ndili ndekha."

"Chonde, muwayezenso magazi akazi angawo asanachoke."

"Ndiyezerenji? Pepala ndi la dzana lomweli, lili ndi chidindo cha dokotala, latuluka m'kompyuta. Magazi ali pa 12. Kuno zoyezera n'zochepa, bambo, ndikusungira amene alibe pepala."

"Chonde, anesi."

"Inu ndinu dokotala?"

"Ayi."

"Ndiye siyani basi ipite, anthu akudikira."

Hutala inaliranso. Kenaka, chapatali pang'ono, Dinani anamva mawu amene ankawafuna nthawi yonseyi, ofooka koma onyada.

"Auzeni asavutike, anesi. Pepalalo ndi la pulogalamu yawo yomwe. Amuna anga salakwitsa zimenezo."

Mawuwo anamulasa mtima. Anatseka maso. Dzanja la adokotala linafinya chigongono chake. Pa mabenchi ponse panali zii, ndipo ambiri mwa anthuwo anali ndi mapepala m'manja okhala ndi kamzere kake pansi.

"Anesi, mverani," anatero, ndipo mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ankafunira. "Yang'anani pansi pa pepalalo. Palembedwa kuti Pulogalamu ya Dinani. Dinaniyo ndine. Pepalalo ndi labodza. Manambala amenewo ndi a dalaivala wa lole amene anayezedwa iye asanalowe. Pulogalamu yanga inalephera kutsegula fayilo yake n'kukhala chete, chifukwa chochenjezera chake ndinachotsa ndine. Magazi a mkazi wanga ali pa 5, ndaona ndi maso angawa. Musakhulupirire pepalalo, musakhulupirirenso ine, muyang'aneni iyeyo!"

Dzanja la adokotala linamasuka. Anayang'ana mabenchi, anayang'ana mlamu wawo, kenaka anaweramira pa foniyo, ndipo ulendo uno sananong'one.

"Sisitala, ndine dokotala amene ndinadinda pepalalo. Akunena zoona. Ndinayang'ana pepala, munthu sindinamuyang'ane. Tsitsani chikope chake muone."

Dinani ankangomva kupuma kwa munthu wogwira foni, ndi injini ya basi ikulindima chapatali. Kenaka nesiyo analankhula, koma osati kwa iye.

"Mayo ine! Mayi inu, thamangani mukatsitse katundu wawo. Muwauze adalaivala azipita, awa atsala. Ndikuitana ambulansi."

Hutala inalira komaliza, injini inakweza mawu, n'kumachepa, kumachepa mpaka kuzimirira. Chibadwire Dinani anali asanamvepo phokoso lokoma ngati la basi imene ikuchoka popanda mkazi wake. Anatsetsereka ndi chitseko mpaka kukhala pansi.

Pa benchi lakutsogolo bambo wina anakweza pepala lake m'mwamba. "Nanga langali?" Wina anakwezanso, kenaka wina, phokoso n'kubuka. A Changu anatuluka m'labu maso ali psuu, n'kuyamba kutolera mapepalawo limodzilimodzi, pang'onopang'ono, mmene sanachitirepo chinthu chilichonse pamoyo wawo. Adokotala anauza anthu kuti aliyense ayezedwanso, ndipo pepala silitulukanso pa kawindo paja kufikira kabokosi kofiira kaja katabwerera. Kenaka anapita kukatenga makiyi a galimoto.

Foni inali isanaduke.

"Muli pomwepo?" Anali mkazi wake.

"Ndilipo."

"Ndiye pepala lija ndi labodza?"

"Ndi labodza."

Dinani anadikira kuti amukalipire, ndipo akanakonda kuti atero.

"Ndinaonetsa basi yonse," anatero mkaziyo. "Mpaka kondakitala anawerenga dzina lanu mokweza."

"Pepa. Pepa, mayi wa mwana wanga. Ndinakuseka kuti ndiwe waulesi."

"Pepani sapoletsa chilonda, a Dinani. Anesi akuti akunditumiza ku chipatala chachikulu, ndipo kumeneko akafuna wachibale wopereka magazi. Muli nawo?"

Anayang'ana kathonje kamene kanali pamkono pake. "Ndili nawo. A Changu andiyeza posachedwapa, ali pa 14."

"Wanena ndani kuti 14?"

Inali pulogalamu yake yomwe ija.

"Bwerani," anatero mkaziyo, mawu akutha mphamvu. "Koma akakuyezeni okha kumeneko."